Batire la Kuseri kwa Mpando wa Mkwatibwi

Okondedwa Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tonse tili bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Mabatire awiri aang'ono a kagalimoto kanu kakale kaja adafa. Amakanika a pa Boma aikamo limodzi lalikulu. Silikukwana pamalo pake, ndiye angolimanga ndi mphira kuseri kwa mpando. Dzulo poyesa mumsewu wa ku Embangweni, linagwedezeka mpaka kuthetheka moto. Amuna angawa, alamu anu, anangoseka, amvekere, "Mbwenu lili ndi mphamvu chomene!"

Loweruka akufuna kunyamuliramo mwana wathu Tiwonge m'kagalimotoka pa ukwati wake, velo itatsamira batire lomwelo. Chonde aimbireni muwaletse, poti ine sandimvera. Bola mwana wanga apite kutchalitchi pa ngolo.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati