Timapepala ta pa Zipewa za Mayi Targelia

Sígsig,
Lachiwiri, pa 14 Meyi.

Wokondedwa mwana wanga Noemí,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako, ndipo ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli wamphamvu ku Quito. Kuno tili moyo. Mwendo wa amayi ako wayamba kulola, moti Lamlungu anayenda okha mpaka kutchalitchi. Akufunsa ngati chifuwa chija chinakusiya.

Ndikudziwa kuti uthenga wa pa foni umafika msanga, koma zimene ndikufuna kunena ziyenera kulembedwa ndi dzanja langa, kuti ndisadzathe kuzikana.

Azakhali ako a Zoila andiuza kuti wakana ntchito imene kampani ina inakuitanira, yokonza masitolo a pa intaneti. Akuti unawayankha kuti munthu amene analephera kusanja zipewa makumi anayi za bambo ake sangasanje katundu wa eni ake. Mawu amenewo ndiwo andigwiritsa cholembera.

Unavutika miyezi itatu pokonza sitolo yathu ya pa intaneti. Unasintha malamulo a m'kati mwake, amene inu mumati khodi, kuti chipewa chizizungulira chokha pa chithunzi, wogula aone kumbuyo ndi m'mphepete momwe. Unakonzanso kuti munthu aziika zipewa ziwiri pamodzi n'kuziyerekeza, aone dzina la woluka ndi kuchuluka kwa mizere ya mlaza pa inchi imodzi. Pakamwa ndinayamikira, koma mumtima ndinachita mantha.

Ndagulitsa zipewa zaka zambiri ndili nazo m'manja. Wogulitsa aliyense wa kuno amadziwa kutembenuza chipewa pamaso pa wogula, chala chachikulu chili pamalo pofooka. Sitinkati n'chinyengo; tinkati n'kusunga ulemu wa woluka. Chithunzi chako chinalibe chala.

Ndinkaganiza za Mayi Targelia, amene anakunyamula pa ubatizo. Kale panalibe wowaposa m'chigwa chino. Tsopano maso afooka, ndipo zipewa zawo zimangofika mizere khumi ndi iwiri, pamene za Rosaura, amene anaphunzira pamiyendo pawo, zimapitirira makumi awiri. Sindinapirire kuti mayina awiriwo aime pamodzi, dziko lonse likuwerenga.

Tsiku lojambula, iwe utapita kukadya mote, chimanga chophika chija, ndi amayi ako, ndinamasula timapepala ta manambala pa zipewa zisanu ndi chimodzi za Mayi Targelia, ndi kutisinthanitsa ndi ta zipewa za Rosaura. Utatha kujambula ndi kuwerenga mizere, ndinatibwezera m'malo mwake.

Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe munthu wanzeru angagule chipewa asanachiyese pamutu. Kwa ine sitolo yakoyo inali zenera lowonetsera basi. Koma anthu anagula. Anaona chosalala chikuzungulira, nalandira chokhakhala, ndipo madandaulo anafika pa dzina lako.

Ndinakuona masabata awiri ukufufuza mzere ndi mzere, ukufuna pamene unalakwitsa. Unandifunsa kawiri ngati wina anakhudza zipewazo, ndipo kawiri konse ndinati iyayi.

Pa msonkhano wa oluka unaimirira n'kupepesa kuti khodi yako inasokoneza zithunzi. Rosaura anaseka, nati iye sanapite patali ndi sukulu, koma chipewa chake angachizindikire ngakhale ng'ombe itachikhalira. Onse anaseka nawo. Ine ndinali pampando wa kutsogolo, nditavala jekete yanga, ndipo ndinayang'ana pansi.

Lachisanu lapitali ndinapita kwa Mayi Targelia kukaulula. Ndinawapeza pakhonde akung'amba mlaza, ndipo anamvetsera osaimitsa manja. Nditatha anati, “Ndiye a Heriberto, imvi zonsezi mwafika pomaba timapepala? Mumayesa sindidziwa kuti ndimaluka khumi ndi iwiri? Ndimawerenga ndi zala, bambo. Zanga amagula alimi, chifukwa siziopa mvula. Wandichititsa manyazi ndinu, osati mwanayo.”

Ananenanso kuti sadzabweretsanso chipewa ku sitolo yathu kufikira utachijambula iwe mwini, n'kulemba mizere yake yeniyeni pansi pa dzina lawo. Sanandipatse ngakhale khofi, ndipo ndinaona kuti ndi chilungamo.

Mwana wanga, pa ntchito yako panalibe cholakwa chilichonse. Inaonetsa ndendende zimene inapatsidwa, ndipo wopereka bodza ndinali ine.

Lamlungu likudzali, Misa ikatha, oluka akumananso. Ndidzaimirira pamalo pamene unaimirira iwe ndi kunena zonsezi, Rosaura ali pomwepo. Sindikupempha kuti ubwere kudzaonerera. Za kundikhululukira, nthawi yake udzaisankha wekha, ndipo sindidzakufulumiza. Chimene ndikupempha n'chimodzi: uwalembere eni kampani aja sabata ino, malo asanaperekedwe kwa wina. Ngati afuna kudziwa zimene zinachitika ku sitolo ya kwanu, uwaonetse kalata ino.

Upereke moni kwa azakhali ako a Zoila ndi amuna awo. Amayi ako sanadziwebe; ndiwauza ndikabwerako ku positi. Mulungu akusunge ndi kudalitsa ntchito ya manja ako.

Ndine bambo ako,
Heriberto Sarmiento