Ndinapita ku Zomba Popanda Inu

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno kwa Nsamala tilipo, Mulungu akutisunga.

Yakwana miyezi isanu ndi iwiri chikuperekezereni kumanda, ndipo zachitika zambiri zoti mukanakhalapo mukanaziseka kapena kuzikalipira. Mchemwali wanga Nasitaziya anachira bwino, ndi mwana wamkazi. Ali ndi mphumi yanu yeniyeni, ndipo akamalira amakwinya nkhope monga munkachitira inu mukalawa ndiwo zopanda mchere. Mdzukulu wanu Petulo, mwana wanga uja, wayamba sukulu ku mishoni. Tsiku loyamba anathawa nthawi yopuma, akuti ankaganiza kuti sukulu yatha. Chimanga chadzaza nkhokwe imodzi, china chatsala pang'ono m'madengu. Thonje lokha ndilo latikhumudwitsa, mbozi zinalowa. Nandolo amene munabzala ndi manja anu kuseri kwa nyumba wabereka mpaka nthambi kugwa pansi, ndipo mbuzi za amalume aDamiyano zalowamo kawiri. Ndinakawadandaulira, iwo n'kundiyankha kuti mbuzizo nazonso zikulira maliro a mlongo wawo.

Koma Amayi, sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za mbuzi. Pali nkhani imene yakhala ikundivutitsa masabata atatu tsopano. Ndinapita ku Zomba.

Ndikudziwa mmene mwalandirira mawu amenewa. Zaka zija inu ndi abambo munkagwira ntchito kunyumba ya mzungu kumeneko, iwo akuphika, inu mukulera ana a eni nyumba, ndiko kumene mchemwali wanga wamng'ono Tereza anamwalira ndi chifuwa asanakwane zaka ziwiri. Ine ndinali ndi zaka zinayi, chimene ndimakumbuka ndi kuzizira basi. Munkandiuza kuti munali alendo opanda manda, ndipo amene anakupatsani malo ndi Che Mkwanda, bambo wachisilamu amene ankasamala maluwa panyumbapo. Abambo atalowera ku Halale osabwereranso, munatitenga ine ndi Nasitaziya kubwerera kuno kumudzi, ndipo ku Zomba simunapondekonso.

Nditangoyamba ukalaliki pa siteshoni ya sitima ku Balaka munayamba kundipempha. Simunkafuna zambiri. Munkati, “Filipo, undiperekeze ndikangoona pamene anagona, ndizule udzu, basi tibwerere.” Ine ndinkati Loweruka likubwerali. Likafika ndinkati kuli sitima ya katundu, kapena bwana sangalole, kapena mvula yawononga msewu. Munafika pomandifunsa mukuseka, “Kodi Loweruka lako lija lidakali m'njira?” Inenso ndinkaseka nanu. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho. Mumtima ndinkati, mwana anapita kalekale, kuli chiyaninso kumeneko choti munthu n'kuvutikira ulendo?

Mwezi wathawu mnzanga wa kusukulu, aLikoswe, amene ndi kalaliki ku maofesi a boma ku Zomba, anandilembera kuti ndipite ndi mkazi wanga tikapume Loweruka ndi Lamulungu, tikaone tauni. Amayi, bwana ndinamupempha kamodzi kokha. Sanadzutse n'komwe mutu pa mapepala ake, anangoti pita. Ine ndi Rozina tinakwera lole ya Mmwenye m'mawa, tinawoloka Shire pa pantoni ku Liwonde, tinakwera mapiri a Kasupe lole ikubuula, ndipo dzuwa lisanapendeke kwenikweni tinali titafika. Ulendo wonse umene ndinakukanizani zaka zisanu ndi chimodzi ndi umenewo. Pa pantoni paja munandibwerera m'maganizo, sindinama, koma ndinayang'ana mvuu zimene anthu ankalozerana mpaka maganizowo anachoka.

Ndipo ndinasangalala. Ndikulemba mawu amenewa ndi manyazi, koma ndi zoona. ALikoswe anatiyendetsa m'misewu ya mitengo italiitali, kutionetsa nyumba za njerwa za malata ofiira, ndi timitsinje ta madzi ozizira totsika m'phiri. Tinaima kunja kwa mpanda kuonerera azungu akumenya kampira, ife n'kumaseka akaphonya. Tinamvera bandi ya asilikali. Tinamwa tiyi ndi buledi wopaka jamu m'makapu okhala ndi timbale take. Kusitolo ndinagula nsapato zakuda zonyezimira, n'kuzinyamula m'pepala ngati mwana wakhanda. Tsiku lonselo dzina la Tereza silinatuluke pakamwa panga.

Lamulungu titatuluka mu Misa, ine ndikuganiza zokaona msika tisananyamuke, Rozina anandikoka malaya. Anati, “Bambo a Petulo, lole inyamuka masana. Kwa Che Mkwanda tipita nthawi yanji?”

Ndinamufunsa kuti dzina limenelo walidziwa bwanji. Apo ndi pamene ndinamva zimene munkachita ine ndikapita kuntchito. Akuti chaka chilichonse mukatha kukolola munkamukhazika pansi Rozina kuti akulembereni kalata yopita kwa mkuluyo, n'kuipatsira oyendetsa malole. Ndinamufunsa kuti bwanji simunkandiuza ine, munthu wogwira cholembera tsiku lonse. Anati, “Ankanena kuti inu mumatopa ndi zolemba za kuntchito, tisakuvutitseni.”

Tinayenda pansi kutsata msewu wa ku Domasi, osakwana ndi ola lomwe. Amayi oyamba amene tinawafunsa pamtsinje anatilozera nyumba. Tinawapeza Che Mkwanda pakhonde akuluka mkeka, atavala kofia yoyera, maso atayamba kuchita nkhungu. Nditatchula dzina la abambo anandigwira mikono yonse iwiri, akuti, “Mwana wa aKuki! Wakula chonchi?” Kenako anasuzumira kumbuyo kwathu, kunjira imene tinadzera, n'kufunsa, “Nanga amayi? Akubwera m'mbuyomu?”

Amayi, sindinawatumizire ngakhale uthenga wa maliro anu. Sizinandibwerere n'komwe. Ndinawauza pomwepo, nditaimirira, nsapato zanga zili m'khwapa. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kunena mawu a pemphero lawo. Atadzutsa mutu anafunsa kuti chinakuletsani n'chiyani zaka zonsezi, popeza chaka chilichonse munkati mukubwera.

Ndinati, “Miyendo, bambo. Miyendo inawakanika kalekale, sakanatha ulendo.”

Ndinanena zimenezo za inu, amene munalima mpaka mwezi wanu womaliza, amene munkayenda pansi kupita kutchalitchi n'kutisiya ife achinyamata m'mbuyo. Rozina anayang'ana pansi. Mkuluyo anangoti m'Chiyao, “Chambone,” kenako, “Pepani,” n'kutenga ndodo yawo kuti tiwatsate.

Tereza wagona m'mphepete mwa manda a kwawo kwa Che Mkwanda, pansi pa mtengo wa msuku. Ndi kamtumbira kakang'ono, kozunguliridwa ndi miyala, kosesedwa bwino. Pali mtanda wa thabwa. Anandiuza kuti inu munasiya wa nsungwi, ndipo chiswe chikadya iwo amasema wina, ameneyu ndi wachinayi. Anati iwo za mtanda sazidziwa, koma mwini mwana anausiya pamenepo, ndiye uyenera kukhalapo. Ndinagwada, Amayi, ndinafunafuna udzu woti ndizule m'malo mwanu. Sindinapeze ndi umodzi womwe.

Tikubwerera anandiyamikira. Anati ana a masiku ano akavala kolala amaiwala kwawo, koma ine ndayenda ulendo wonse wochokera ku Balaka chifukwa cha mchemwali wanga amene sindimukumbuka n'komwe nkhope. Anati munabereka mwana. Ine ndinangoti zikomo. Sindinawauze za tiyi, za bandi, ngakhale kuti akanapanda Rozina bwenzi nthawi imeneyo ndili kumsika.

Titafika kunyumba analowa m'kati n'kutuluka ndi kachitini. Munali makalata anu onse, opindidwa bwino. Anatenga ya pamwamba n'kundipatsa, akuti mphunzitsi amene ankawawerengera anasamuka, ndipo akufuna amvenso mawu anu kamodzi. Ndinaitambasula. Zilembo zinali za Rozina, koma mawu anali anu enieni, mpaka ndinkakumvani mukupuma pakati. Munawafunsa za chifuwa chawo. Munawauza za mvula. Kenako munati, “Mwana wanga Filipo ndi munthu wabwino, ntchito ndiyo yamuchulukira. Chaka chino andibweretsa ndithu.” Pansi pake panali mawu akuti, “Musadere nkhawa za ine, miyendo yanga ikadali yolimba, phiri lanulo ndikhoza kulikwera.”

Maso anga anafika pamenepo pakamwa pasanafike. Ndinalumpha mzere umenewo, n'kuwerenga moni wotsiriza.

Che Mkwanda anadikira mpaka nditapinda kalatayo. Kenako anati, “Mwalumpha pena, mwanangu. Panali mawu a miyendo pamenepo.” Ananena mofatsa, ngati akundiuza kuti ndagwetsa mpango. Iwo anati, “Palibe kanthu. Maso amatopa.”

Ndiye kuti ankadziwa kuyambira pachiyambi, Amayi. Pamene ankanditsogolera kumanda ankadziwa, pamene ankandiyamikira ankadziwanso. Akanandikalipira bwenzi ndapepukidwa. M'malo mwake anaitana mkazi wawo kuti agwire nkhuku ya thadzi, anaimanga miyendo ndi luzi n'kuiika m'manja mwanga, akuti mlendo wa maliro sabwerera chimanjamanja. Anatiperekeza mpaka pamsewu ndi ndodo yawo ija.

Pa lole Rozina anandilandira nkhuku ija n'kuifungatira mpaka titawoloka Shire. Sanali wokwiya, ndikanakonda akanakwiya. Titayandikira Balaka ndinamufunsa ngati munkandidandaula ine kulibe. Anati iyayi, simunanenepo choipa n'kamodzi komwe, kungoti mukamva lole ikudutsa kumsewu munkasiya chimene mukuchita n'kumvetsera mpaka phokoso litatha.

Ndinakalapa kwa ansembe, anandipatsa mapemphero, ndinawanena onse. Koma amene ndinawalakwira si ansembe. Ndinu, amene ndinakunamizani mukali moyo n'kukunamiziraninso mutapita, ndi mkulu uja amene wasesa manda a mwana wa eni zaka makumi awiri ndi zisanu popanda womutuma. Nasitaziya sindinamuuzebe. Akandifunsa za ku Zomba ndimamuuza za maluwa ndi madzi ozizira, iye n'kumasirira. Amalume ndiwo anandiyang'anitsitsa tsiku lina n'kufunsa chifukwa chake ndasiya kudya bwino, ine ndinati ndi malungo.

Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Ndikukudziwani, mwina munakhululuka kale ndisanayambe n'komwe kulemba, ndipo chimenecho ndicho chikundiwawa kwambiri. Ndangofuna kuti mudziwe kuti mwana wanu wagona pabwino, pamthunzi, ndipo sanakhale yekha.

Mawa ndipita kwa Nasitaziya ndikamuuze zonse monga ndakuuzirani inu. Mvula isanagwe ndimutenga iye ndi Petulo, tikwere lole, kuti njira ya kumsuku uja idziwike ndi anthu atatu a magazi anu. Tikakafika ndidzakhala pansi pamaso pa Che Mkwanda, ndidzawapempha kalata ija, ndipo ndidzaiwerenga yonse, osasiya mzere, kenako ndidzawauza ndi pakamwa panga amene anakuletsani kubwera.

Mumupatse moni Tereza. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndinakuonetsani mochedwa ndiponso moperewera.

Ndine mwana wanu,
Filipo