Ndinamuchotsa pakauntala pomumvera chisoni

Aphungu,

Ndine kapitawo m'sitolo ya nsapato. Mayi wina wogulitsa pakauntala ndi woyembekezera, ndiye ine pomumvera chisoni ndinamusamutsira kuchipinda cha katundu kuti azipumako. Posakhalitsa abwana anasankha anthu opita kumaphunziro okwezera pantchito, n'kungotenga apakauntala okhaokha, iye n'kutsala. Pano wakadandaula kulikulu kuti ndinamusala chifukwa cha mimba, ndipo akuti atumiza wofufuza. Ntchito yanga ili pachiswe. Akazi anga akuti, "Bambo, tiyeni tipite kwawo kwa mayiyo ndi amalume anu, titengenso tizovala ta mwana, nkhaniyi ithere pakhomo." Kodi ndipite?

B.N., m'tauni muno

A B.N.,

Chisoni chanuchi n'chodabwitsa ndithu. Kuchipinda cha katundu n'kumene kuli makatoni ndi makwerero, inu n'kumati kopumira n'komweko! Ndiponso ndawerenga kalata yonse, sindinapeze pamene mayiyu anapempha kupuma. Munamufunsa? Kapena mimbayo inkalemera inu?

Amalume asungeni, adzagwira ntchito tsiku lomwe mudzayambane ndi akazi anu. Mukatulukira pakhomo pa wodandaula muli atatu, phukusi kukhwapa, wofufuza sadzati munapita kukapepesa. Adzati munapita kukamutseka pakamwa, ndipo mlandu wanu udzabereka unzake mayiyo asanachire n'komwe.

Ofufuza amamva aliyense payekha: iyeyo, inuyo, kenako anzanu a m'sitolo. Adzafuna kudziwa kuti ndani winanso anasamutsidwapo chonchi, komanso pa chifukwa chanji. Musayambe kukokera anzanuwo pakona n'kumawaphunzitsa zokanena, chifukwa okaulula ndi omwewo.

Tsiku lanu likafika, fotokozani momwe zinayendera, osabisa zoti simunamufunse. Mukatero, pemphani nokha kuti abwerere pakauntala ndiponso aganiziridwe pa maphunziro aja. Nkhani zotere nthawi zina zimatha ndi kukonza chomwe chinalakwika. Sindikulonjeza, koma munthu wovomera amamvedwa bwino kuposa wobwera ndi ndodo ya chilungamo chake.

Chenjezo langa ndi ili: kufufuza kuli mkati, musamusinthire nthawi yogwira ntchito, musamutsinyire nkhope, musamuchititse manyazi pamaso pa ogula. Mlandu woyambawu mukhoza kupulumuka. Koma mukabwezera wodandaula, kalata yanu yotsatira idzakhala yondifunsa komwe akulemba ntchito.