Bambo Ako Amwa Mapilitsi Anga

Iwe mwana wa achimwene, tandimasulire ichi: amati amaona nyerere kutsidya kwa msewu, koma botolo lili m'manja salizindikira. Ndani? Bambo ako.

M'mawa amwa mapilitsi anga a shuga, kuyesa ndi awo. Ndawapeza ali thapsa m'bafa, thukuta kamukamu, chipumi chitang'ambika. Kuchipatala atsitsimuka, koma awagoneka. Ndangodzatenga bulangeti. Pepa, magaziwo sindinakolope.

Adokotala akuti ng'ala yagwira maso onse, tikazengereza tidzawakoka ndi ndodo. Mawa upemphe kuntchito, uwaperekeze kwa a maso.

Eniake akukanabe. Akuti, "Maso anga ndi a kabawi," kenako n'kugwira chitsulo chopachikapo diripi: "Zikomo adokotala, koma mwaondatu." Wodi yonse kufa nako kuseka.

Azakhali ako