Mzere wa Ababa

Lisasadzi, Kasungu
14 Seputembala

Okondedwa achimwene a Zakeyo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, ndipo amayi ayambiranso kupita kukwaya.

Patha miyezi inayi chiikireni ababa m'manda. Mukukumbukira momwe tinkawasekera? Munthu anapuma kalekale ntchito yozimitsa moto ku Lilongwe, koma udzu ukangouma ankatitulutsa tonse ndi makasu kukalambula mozungulira nyumba ndi zigafa za fodya. Inu munkati, "Ababa, kunotu n'kumudzi, si kuntchito." Iwo ankangoyankha kuti, "Moto sudziwa kuti ndinapuma."

Chaka chino ine ndinalibe nazo mphamvu. Koma amayi anatulutsa jombo za ababa zija, kuvala, n'kunyamula khasu. Tinawatsatira mwamanyazi, ine ndi ana.

Lachiwiri lapitali osaka mbewa anatentha tchire. Moto unabwera ndi mphepo, unanyambita munda wonse, koma utafika pamzere tinalambula uja unangogona pansi. Palibe chigafa chinapsa. Dzulo a Sunganani oyandikana nafe, amene ankaseka kuposa tonse, anabwera kudzafunsa kuti mzerewo uzikula mapazi angati!

Nkhani ina ndi iyi. Kuchipatala ababa anakutchulani kawiri, ndipo anandisiyira mawu oti ndikuuzeni. Sindiwalemba papepala. Musaope, za mkangano wanu uja sanazitchule n'komwe.

Kanyumba kanu kaja tinakalambuliranso, monga ankachitira iwo chaka ndi chaka chichokereni inu. Sikanapse, achimwene. Kiyi ali ndi amayi.

Ndine mlongo wanu,
Lefina