Rupiya ya Malemu Mwatumu Yasiya Kulira

Tcherani khutu, akulankhula ndi Agogo Faki, munthu amene ndinayesapo ndalama za mafumu atatu ndi dzino limodzi, ngakhale sukulu ndinalekezera panjira. Kalata ya lero nayi.

Agogo,

Mkazi wanga Mwatumu anandisiya chaka chatha. Anali ndi rupiya yasiliva ya Mjeremani, ya agogo ake, ija ya chithunzi cha mfumu yovala chipewa cha mbalame. Tiyi akapsa sankandiitana ndi pakamwa. Ankaizunguza pa simenti ya pakhonde, n'kumalira kuti ngiriii, ine ndili kuseri ndikusoka ukonde. Ndikachedwa ankati, "Bambo a Kombo, Mjeremani wakuitanani kawiri, mukufuna abwere ndi asilikali?"

Atamwalira ndinkaizunguza ndekha m'mawa uliwonse. Mwezi watha mwana wathu Kombo anapita nayo ku mzinda wa Dar kuti ogula ndalama zakale akaione. Pobwera anati, "Baba, akuti yafufutika kwambiri, mtengo wake ndi wa mandazi basi." Ine ndinakondwa, sindinkafuna kugulitsa. Koma Agogo, tsopano ndikaizunguza imangoti phwa, ngati chitsekerero cha botolo. Ndevu za mfumu zikuonekanso bwinobwino, chonsecho Mwatumu anazimaliza ndi chala. Kodi mwana wanga wandibera mawu a mayi ake? Ndikamufunsa nditaya mwana, ndikapanda kufunsa khonde lingoti zii.

H.K., Bagamoyo

Bambo H.K.,

Ndevu zimamera pa munthu, osati pa siliva. Mjeremani wanu akameranso ndevu, ameneyo ndi mlendo. Komabe yesani kaye, makutu a msinkhu wathu amanama.

Iyandikizeni ku maginito a m'wailesi yakufa, siliva sakakamira. Ikhazikeni pansonga ya chala, muigogode ndi supuni, yeniyeni imalira osafuna kuleka. Onani m'mbali mwake: mukapeza kamzere ngati msoko, anachita kuumba m'chikombole. Kenako wosula mphete aiyeze pasikelo pamodzi ndi rupiya ina yodziwika. Osaikwecha ndi ndimu kapena phulusa, mungafufute umboni.

Ikapezeka yabodza, musathamangire kumutcha Kombo wakuba. Alipo ogula ena amasinthanitsa munthu akuphethira. Mukumbutseni za pakhonde, mwina iye ankangoona siliva. Ndiye mumuuze kuti mupite limodzi kwa ogula aja mukatenge mawu a mayi ake. Akatsogola, alibe mlandu. Akayang'ana pansi musakalipe, ingofunsani anagulitsa kwa yani. Pitani sabata ino, rupiya yotere sichedwa m'sitolo.

Koma ndikuchenjezeni: ngakhale yeniyeniyo ibwere, ilira ndithu, koma tiyi sabwera. Muziphika nokha, makapu awiri, inayo ya Kombo, kaya walakwa kaya ayi.

Za mafumu atatu zija ndanama, ndi dzinolo linaguluka kalekale. Koma zoti khonde limati zii, sindinachite kumva kwa munthu.

Agogo Faki