Mabokosi anga sakhazikika, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kumudzi ku Chezi tilipo. Mchemwali wanga Nasitaziya wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni. Zipani zachuluka chichokereni inu padziko pano, moti azakhali ali ndi nsalu za zipani zitatu. Koma ine ndakulemberani chifukwa mutu wanditentha.

Paja ndikumaliza maphunziro a kompyuta aja. Ntchito yanga yomaliza ndi kupanga chithunzi chosonyeza momwe pulogalamu ikukulira mwezi ndi mwezi. Pulogalamu imakhala ndi zigawo zambiri, ndiye chigawo chilichonse chimaoneka ngati bokosi: chachikulu bokosi lalikulu, chaching'ono bokosi laling'ono. Munda wogawidwa, basi.

Njira zojambulira ndayesa ziwiri. Yoyamba imatulutsa mabokosi okongola, koma chigawo chimodzi chikangonenepa pang'ono, onse amasamuka. Limene linali kumanzere m'Malichi, m'Epulo ulipeza pansi kumanja. Ndatha masabata atatu ndikusaka ndi chala ngati nkhuku yotayika. Yachiwiri imatulutsa timizere toonda, tosaoneka bwino, koma chilichonse chimakhala pamalo pake, chikakula umaona.

Aphunzitsi anga akufuna yokongolayo, akuti ndiyo ikasangalatse oyesa mayeso Lachisanu. Ndinawapempha kuti aloze pa mabokosi okongolawo chigawo chimene chakula. Analoza cholakwika kawiri konse, koma akuumirirabe. Ndikakana mwina sasaina ntchito yanga, ndipo ndibwereza chaka. Zandikwiyitsa, Amayi, mpaka chakudya sichikulowa.

Loweruka ndinapita kumudzi kuti mtima utsike, koma ndinakawonjezera moto. Achimwene agawanso munda wanu. Fodya wafika mpaka kuchulu, chimanga achikankhira kumtsinje, mizere yowongoka bwinobwino yoti odutsa aziyamikira. Ndinaima pakati pa munda umene ndinakuliramo, osadziwa pamene panali mtedza wanu. Inu munkati, "Mtedza uzikhala kuchulu, ukachepa ndiziona kuti wachepa." Ine ndinkayesa ndi liuma chabe, ndipo ndinkakusekani.

Lachisanu ndilowa ndi timizere tanga toondato. Akandibweza, andibweze, koma sindikaonetsa chithunzi chimene ngakhale mphunzitsi akusochera nacho. Ndikuopa, sindikubisirani.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Mvula ya chaka chamawa ikangogwa, ndidzadzala mtedza kuchulu kuja ndi manja anga, achimwene afune asafune.

Ndine mwana wanu,
Felesiya